Nthambi ya Mitu Iwiri: Mbiri ya Kumveka Pawiri kwa Nthambi Zofotokoza m'Ciganizo ca Cingerezi

1.0 Mau Oyamba

Aliyense amene anaphunzitsapo Cingerezi, kapena amene anayesapo kumasulira zolembedwa za m'cineneroci kuti zimveke m'Cinyanja, adziwa za nthambi ya ciganizo imene imasiya wowerenga pa mphambano. Ciganizo cimakhala colongosoka, malamulo a galamala atatsatidwa onse, koma wowerenga n'kulephera kunena motsimikiza dzina limene nthambiyo ikufotokoza. Tiyeni tione citsanzo ici:

(1) The inspector questioned the driver of the minister who arrived late.

Kodi anafika mocedwa ndani, dalaivala kapena nduna? Liu lililonse la m'ciganizoci lili ndi tanthauzo lodziwika bwino. Cimene cili pawiri ndi kamangidwe: nthambi yoyamba ndi 'who' ikhoza kumangiriridwa ku 'driver' kapena ku 'minister', ndipo m'ciganizomo mulibe cizindikiro cotiuza kumene wolemba anafuna. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nthambi ya mitu iwiri yavumbwitsa anthu ambiri, ena kutaya cuma, ena kukhala zaka m'ndende.

M'nkhani ino tilondola mbiri ya vutoli: kumene linacokera, mankhwala amene akatswiri a galamala anayesa kuyambira mu 1762, mmene oweruza milandu analimbana nalo, ndi zimene sayansi ya zinenero inaonetsa. Mfundo yathu ndi yakuti malamulo onse amene anaperekedwa amangotiuza tanthauzo loyamba kuliganizira, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene linathetsa kumveka pawiri. Pomaliza tiona phindu la mbiriyi kwa mphunzitsi ndi womasulira wa Cinyanja. Tikati "nthambi yofotokoza" titanthauza kagulu ka mau kamene nchito yake ndi kuunikira dzina kapena mneni, ndipo tikati "mutu" titanthauza liu limene nthambiyo yamangiriridwako.

2.0 Kumene Vutoli Linacokera

Cingerezi cakale, comwe cinali kulankhulidwa ku England Anormani asanalande dzikolo mu 1066, cinali ndi magulu atatu a maina: lacimuna, lacikazi ndi lapakati. Magulu amenewa sanali kutsata cibadwa ca cinthu nthawi zonse. 'Stan', kutanthauza mwala, anali m'gulu lacimuna, pamene 'wif', kutanthauza mkazi, anali m'gulu lapakati. Alowam'malo 'se', 'seo' ndi 'þæt', amene anali kuyambitsa nthambi zofotokoza, anali kusintha malinga ndi gulu la dzina, kuculuka kwake, ndi nchito yake m'ciganizo. Sitinena kuti cineneroco cinalibe kumveka pawiri, pakuti panalinso kaliu kosasintha, 'þe', kamene kanali kofala kwambiri. Komabe wolemba wofuna kulozera dzina limodzi pakati pa awiri anali naco cida cocitira zimenezo.

Pofika m'zaka za m'ma 1300 magulu aja anali atafafanizika, kuyambira kumpoto kwa dzikolo mpaka kumwera, ku Kent, kumene anakhalitsako. 'That' anatsala wosasintha, woimira dzina lililonse. 'Which' analowa nchito yomweyo m'nyengo imeneyi, ndipo 'who' anatsatira m'zaka za m'ma 1400. Kwa nthawi yaitali 'which' anali kuimira anthu ndi zinthu zomwe, monga tiona m'Baibulo la King James la 1611. Kusiyanitsa kwakuti 'who' ndi wa anthu ndipo 'which' ndi wa zinthu kunakhazikika m'zaka za m'ma 1700. Mu 1711 nyuzipepala ya The Spectator inasindikiza kakalata koseketsa, ngati kolembedwa ndi 'who' ndi 'which', kodandaula kuti 'that' wawalanda malo. Mbiri ionetsa kuti 'that' ndiye anali mwini mudzi, odandaulawo ndiwo obwera.

Motero Cingerezi ca masiku ano cinatsala ndi zizindikiro ziwiri zokha zolozera mutu wa nthambi. Coyamba ndi kusiyana kwa munthu ndi cinthu. Caciwiri ndi kusiyana kwa umodzi ndi unyinji pa mneni, kumene kumaoneka m'nthawi yatsopano ndi pa 'was' ndi 'were', koma kumazimirira pa aneni ena onse a nthawi yakale. M'citsanzo (1) maina onse awiri ndi a anthu, onse ali mu umodzi, ndipo mneni ali m'nthawi yakale. Zizindikiro zonse ziwiri zakhala cete.

3.0 Mankhwala Oyamba: Lamulo la Kuyandikana

Akatswiri a galamala a m'zaka za m'ma 1700 anakula ndi Cilatini, cinenero cimene mlowam'malo wake wamgwirizano amatsata gulu ndi kuculuka kwa mutu wake. Poyerekeza zinenero ziwirizi anaona msanga pamene denga la Cingerezi linali kudontha. Robert Lowth, m'buku lake A Short Introduction to English Grammar la 1762, anacenjeza kuti kumveka bwino kwa ciganizo kudalira kwambiri pa mlowam'malo woonetsa mutu wake mosakayikitsa. George Campbell wa ku Aberdeen anaunika nkhaniyi mozama mu The Philosophy of Rhetoric mu 1776. Hugh Blair wa ku Edinburgh, m'maphunziro ake osindikizidwa mu 1783, anapereka lamulo losavuta kuloweza: mau ogwirizana kwambiri m'tanthauzo aikidwe moyandikana. Lindley Murray anatenga malangizo a Blair nawaika kumapeto kwa English Grammar, buku limene linatuluka koyamba mu 1795 ndi kusindikizidwa kambirimbiri ku Britain ndi ku America. Kudzera mwa Murray lamulo la kuyandikana linalowa m'kalasi, ndipo silinatulukemo.

N'koyenera kukumbukira kuti Campbell ndi Blair anali a ku Scotland, kumene ophunzira a nthawiyo anali kulimbikira kulemba Cingerezi ca ku London, cosiyana ndi cimene anayamwira. Munthu wophunzira kalembedwe mocita kusamala ndiye amaona misampha imene eni cinenero amaidumpha osadziwa.

Monga langizo kwa wolemba, lamulo la kuyandikana ndi labwino. Likasanduka lamulo la wowerenga, lakuti nthambi ifotokoza dzina loyandikana nalo nthawi zonse, limagwa msanga:

(2) He drank the water from the well that his wife had boiled.

Dzina loyandikana ndi nthambi ndi 'well', koma citsime siciwiritsidwa. Wowerenga alumpha dzinalo n'kukamangirira nthambi ku 'water', ndipo cimene camutsogolera ndi nzeru za zinthu za m'dziko.

Palinso nthambi imene mutu wake mulibiretu m'ciganizo:

(3) Crossing the river, a crocodile seized the goat.

Lamulo la m'mabuku linena kuti nthambi yotere ifotokoza mwininkhani wa ciganizo, motero woloka mtsinje ndi ng'ona. Koma wolemba akhoza kutanthauza mbuzi, kapena abusa amene sanachulidwe n'komwe. Henry Watson Fowler ndi mng'ono wake Francis, mu The King's English la 1906, anasonkhanitsa zitsanzo zambiri za mtundu umenewu kucokera m'manyuzipepala ndi kwa olemba ochuka. Ngakhale otsutsa nthambi zotere amalola mau monga 'considering' ndi 'generally speaking' kuyenda opanda mutu, cifukwa anazolowereka. Malire a colakwa ndi cololedwa aikidwa ndi cizolowezi.

4.0 Mankhwala Aciwiri: 'That', 'Which' ndi Mpatuliro

Mtundu wina wa kumveka pawiri umabuka pamene mutu wadziwika, koma nchito ya nthambi sinadziwike:

(4a) The teachers who had not been paid went home.
(4b) The teachers, who had not been paid, went home.

Mu (4a) nthambi ikusankha: anabwerera kwao ndi aphunzitsi okhawo amene sanalandire malipiro, ndipo ena anatsala pasukulu. Mu (4b) nthambi ikungoonjezera uthenga: aphunzitsi onse sanalandire, ndipo onse anacoka. Tichula yoyambayo nthambi yosankha, yaciwiriyo nthambi yoonjezera. Polankhula kusiyanaku kumamveka m'kupuma ndi m'kukwera kapena kutsika kwa mau. Polemba katundu yense wasenzetsedwa mpatuliro, kacizindikiro kosavuta kuiwala. Kuonjezera apo, olemba a m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 anali kuika mpatuliro ngakhale patsogolo pa nthambi yosankha, monga momwe Cijeremani cimacitira mpaka lero. Wowerenga zolembedwa zakale ndi lamulo la masiku ano akhoza kusocera.

Poona kufooka kwa mpatuliro, akatswiri a m'zaka za m'ma 1800 anafuna kugawira alowam'malo nchito. Goold Brown wa ku America, mu The Grammar of English Grammars la 1851, ndi Alexander Bain wa ku Aberdeen, m'galamala yake ya 1863, anakonda kuti 'that' aziyambitsa nthambi yosankha. Abale a Fowler anakulitsa maganizowa mu 1906, ndipo Henry anawabwereza mu A Dictionary of Modern English Usage la 1926. Iye anapereka kugawaku monga cinthu cimene cikanathandiza olemba akanagwirizana kucitsata, ndipo anavomera poyera kuti olemba ambiri, ngakhale aluso kwambiri, sanali kutero. Cimene Fowler anapereka monga cokhumba cinauma n'kukhala lamulo citaoloka nyanja. Kabuku ka William Strunk ka 1918 kanalibe lamuloli, koma pamene E. B. White anakakonzanso ndi kukatulutsa mu 1959 monga The Elements of Style, linalowamo. Kucokera apo akonzi ambiri a mabuku ku America amasintha 'which' wosankha aliyense kukhala 'that', pamene ku Britain 'which' wosankha akali wamoyo.

Mankhwalawa ali ndi malire atatu. Coyamba, sathandiza pa maina a anthu, pakuti mu (4a) ndi (4b) 'who' ndi mmodzi yemweyo. Caciwiri, sakhudza vuto la citsanzo (1), lakuti mutu ndi uti. Cacitatu, lamulo lotsatidwa ndi olemba ena okha silingateteze wowerenga, popeza iye sadziwa ngati wolembayo ndi wa kagulu kotsata kapena ai. Cimene cinacitika ku Dallas mu 1984 cionetsa zimenezi. Cipani ca Republican cinali kulemba cikalata ca mfundo zake za cisankho, ndipo m'colembedwa coyamba munali mau akuti cipanico citsutsa 'any attempts to increase taxes which would harm the recovery'. Popanda mpatuliro, mauwa anali kutsutsa misonkho yokhayo yoononga cuma, n'kusiyira boma la Ronald Reagan kampata kokwezera ina. Otsutsa msonkho kotheratu analimbana kuti mpatuliro uikidwe patsogolo pa 'which', ndipo unaikidwa. Nthambi yosankha inasanduka yoonjezera, mfundo ya cipani n'kusintha, liu ndi limodzi lomwe losasinthidwa.

5.0 Nthambi m'Bwalo la Milandu

Mphunzitsi akhoza kunena kuti ciganizo cimveka pawiri n'kulekera pomwepo. Woweruza alibe mwai umenewo. Ayenera kusankha tanthauzo limodzi, wina n'kupambana wina n'kugonja. N'cifukwa cake mbiri ya vutoli m'makhoti ndi yophunzitsa kwambiri.

Mlandu wochuka ndi wa Roger Casement, Mwairishi amene lipoti lake la 1904 linaulula nkhanza za ku Congo. Mu 1916 anazengedwa mlandu ku London woukira mfumu, cifukwa coyesa kukopa asilikali a ku Ireland ogwidwa pankhondo ku Germany kuti amenyane ndi Britain. Lamulo lake linali la 1351, lolembedwa m'Cifalansa ca Anormani, ndipo linachula za kugwirizana ndi adani a mfumu m'dziko lake, ndi kuwapatsa thandizo m'dzikomo kapena kwina. Funso linali pa mau otsirizawo, omasuliridwa 'or elsewhere'. Omuimira anati mlanduwo ndi wa munthu wogwirizana ndi adani ali m'dziko la mfumu, ndipo Casement anacita zonse ali kunja. Oweruza anagamula kuti mauwo afika mpaka pa kugwirizana komwe, ndipo Casement ananyongedwa pa 3 Ogasiti 1916. Anthu amakonda kunena kuti ananyongedwa cifukwa ca mpatuliro. Mau amenewa apitirira pang'ono coona, pakuti oweruza anatsamiranso pa zolemba za akatswiri akale a malamulo monga Edward Coke ndi Matthew Hale, ndi pa mlandu wa Arthur Lynch wa 1903, amene anamenya nkhondo kumbali ya Mabunu ku South Africa. Komabe mtsutso wonse unayambira pa funso lathu lomwe lija: mau ofotokoza afika pati?

Ku America lamulo la kuyandikana linavala mkanjo wa cilamulo. Jabez Sutherland, m'buku lake la 1891 lonena za kamasuliridwe ka malamulo, analemba kuti mau ofotokoza akhudza dzina lotsiriza lokha, pokhapokha patakhala umboni wakuti opanga lamulo anafuna zina. Bwalo Lalikulu la United States linatsata mfundoyi pa mlandu wa Barnhart v. Thomas mu 2003. Mai wina amene anali kuyendetsa cikepe ca m'nyumba zosanja anapempha thandizo la boma la olemala. Lamulo linati wopempha akhale wolephera nchito yake yakale ndi nchito ina iliyonse 'which exists in the national economy'. Maiyo anapezeka kuti akanatha kuyendetsa cikepe, koma anati nchitoyo inatha m'dzikomo. Bwalo linagamula kuti nthambiyo ifotokoza nchito inayo yokha, osati yakale, ndipo maiyo anagonja.

Mu 2016, pa mlandu wa Lockhart v. United States, lamulo linandandalika milandu itatu ya nkhanza zokhudza kugonana, ndipo pamapeto panali nthambi yakuti 'involving a minor or ward'. Ikanakhala kuti ifotokoza milandu yonse itatu, woimbidwa mlandu akanapewa cilango ca zaka zosacepera 10, popeza mlandu wake wakale sunakhudze mwana. Oweruza 6 anati ifotokoza wotsiriza wokha, 2 anatsutsa. Sonia Sotomayor ndiye analemba cigamulo, Elena Kagan nalemba cotsutsa, ndipo aliyense wa iwo anapanga ziganizo za tsiku ndi tsiku zoonetsa kuti Cingerezi ceniceni cili kumbali yake. Patapita zaka zisanu, pa mlandu wa Facebook v. Duguid mu 2021, lamulo la 1991 lonena za makina oimba mafoni okha linali ndi aneni awiri, 'store' ndi 'produce', otsatidwa ndi nthambi yoyamba ndi 'using'. Sotomayor yemweyo analemba kuti nthambiyo ifotokoza aneni onse awiri. Woweruza Samuel Alito, ngakhale anagwirizana ndi cigamulo, anacenjeza kuti malamulo a kamasuliridwe otere asatengedwe ngati osathyoka. Bwalo limodzi lili ndi malamulo awiri otsutsana, lina lomangirira pafupi, lina lomangirira ku mndandanda wonse, ndipo cosankha pakati pao ndi tanthauzo la nkhani yonse.

Mlandu wa ku Canada ndiwo utiyandikira kwambiri. Makampani a Rogers ndi Aliant anapangana mu 2002 za kagwiritsidwe nchito ka mitengo ya mawaya. Panganolo linati likhala zaka zisanu, kenaka zaka zisanu zisanu, pokhapokha mbali ina italithetsa ndi cidziwitso ca caka cimodzi. Kodi nthambi ya kuthetsayo inakhudza ndi zaka zisanu zoyamba zomwe? Mu 2006 bungwe loyang'anira za mauthenga, la CRTC, linati inde, cifukwa ca mpatuliro umene unali patsogolo pake. Mu 2007 linasintha maganizo litawerenga mau a pangano lomwelo m'Cifalansa, amene anali omveka kumodzi. Cinenero caciwiri cinamasula mfundo imene coyamba cinamanga.

6.0 Zimene Sayansi ya Zinenero Inaonjezapo

Akatswiri a m'zaka za m'ma 1900 anasintha funso. M'malo mofuna mankhwala, anafunsa cimene kumveka pawiri kutiphunzitsa za cinenero. Rulon Wells mu 1947, ndi Noam Chomsky mu Syntactic Structures la 1957, anaonetsa kuti mzere umodzi wa mau ukhoza kukhala ndi mamangidwe awiri, ndi kuti galamala yoyenera iyenera kupereka onse awiri. Kwa iwo citsanzo (1) sicolakwa ai. Ndi ziganizo ziwiri zovala malaya amodzi. Thomas Bever mu 1970 anaunika nthambi zofupikitsidwa, zimene mlowam'malo wake wacotsedwa:

(5) The trader paid in kwacha complained.

Wowerenga ayamba kutenga 'paid' ngati mneni wamkulu, kuti wamalonda analipira. Akafika pa 'complained' apunthwa, n'kubwerera kukazindikira kuti wamalondayo ndiye analipidwa.

John Kimball mu 1973 ndi Lyn Frazier mu 1978 anati ubongo umakonda kumangirira mau atsopano ku kagulu kamene wangomaliza kukawerenga, cifukwa kutero sikulemetsa cikumbukiro. Apa lamulo la Blair linaoneka ngati lapeza maziko m'cibadwa ca munthu. Koma mu 1988 Fernando Cuetos ndi Don Mitchell anayesa ziganizo za mtundu wa (1) pa olankhula Cingerezi ndi olankhula Cisipanishi. Anapeza kuti oyambawo amapendekera ku dzina lapafupi, pamene aciwiriwo amapendekera ku dzina loyamba. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kupendekera ku dzina loyamba m'Cifalansa, m'Cidachi ndi m'Cijeremani. Janet Dean Fodor mu 1998 anaonjeza kuti kutalika kwa nthambi kumasintha cosankha, popeza wowerenga amamva mau m'mutu mwake ngakhale akuwerenga camumtima: nthambi yaifupi imamatirira pafupi, yaitali imatha kulumpha.

Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, mu The Cambridge Grammar of the English Language la 2002, anakonzanso kusiyana kwa (4a) ndi (4b). Anati cacikulu n'cakuti nthambi yalukidwa m'uthenga waukulu kapena yapacikidwa pambali. Tikati 'She has a husband who cooks', palibe mpatuliro, komanso sitikusankha mwamuna mmodzi pakati pa ambiri. Iwo anatsimikizanso kuti 'which' wopanda mpatuliro ndi Cingerezi cabwino.

7.0 Phindu Lake kwa Mphunzitsi ndi Womasulira wa Cinyanja

Malamulo a dziko la Zambia amalembedwa m'Cingerezi, ndipo mu 1966 cineneroci cinakhazikitsidwa mwalamulo kukhala cophunzitsira kuyambira m'kalasi yoyamba. Lamulo la kuyandikana ndi la 'that' ndi 'which' anafika kuno m'mabuku, kawirikawiri popanda macenjezo amene Fowler ndi Sutherland anaikapo. Koma wolankhula Cinyanja ali ndi cimene Cingerezi cinataya, ndico mgwirizanitsi wa magulu a maina. Citsanzo (1) cigawika pawiri:

(6a) Woyendera anafunsa dalaivala wa nduna amene anafika mocedwa.
(6b) Woyendera anafunsa dalaivala wa nduna imene inafika mocedwa.

Comweconso mndandanda wakuti 'bicycles, carts and lorries that carry charcoal' ukhala "njinga, ngolo ndi malole amene amanyamula makala" ngati nthambi ikhudza malole okha, kapena "njinga, ngolo ndi malole zimene zimanyamula makala" ngati ikhudza zonse. Citsanzo (5) sicipunthwitsa konse, pakuti "analipira" ndi "wolipidwa" sangasokonezeke. Uwu ndi mwai, komanso ndi udindo wolemera. Womasulira m'khoti kapena mu ofesi akakamizidwa ndi cinenero cake kugamula cimene Cingerezi cinasiya cosagamula, ndipo akhoza kucita zimenezo osazindikira kuti panali njira ziwiri. Womvera alandira tanthauzo limodzi ngati kuti ndilo lokha.

Tisanyadire mopitirira. Maina awiri akakhala a gulu limodzi, mgwirizanitsi sathandiza: "mwana wa mlimi amene anavulala" amveka pawiri monga m'Cingerezi, ndipo "ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimene sizinabayidwe katemera" ndi cimodzimodzi. Ulemu nawonso umafafaniza kusiyana, pakuti tikati "dalaivala wa a nduna amene anafika mocedwa" tabwerera pa mphambano paja. "Pooloka mtsinje, ng'ona inagwira mbuzi" ndi nthambi yopanda mutu ngati ya citsanzo (3). Kusiyana kwa nthambi yosankha ndi yoonjezera kumamveka polankhula: Sam Mchombo, mu The Syntax of Chichewa la 2004, anafotokoza za kamvekedwe kokweza kamene kamazindikiritsa mneni wa nthambi yofotokoza, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje mu 2011 anaonetsa kuti nthambi yosankha imanenedwa pamodzi ndi mutu wake, pamene yoonjezera imapatulidwa. Kalembedwe kathu sikaonetsa kamvekedwe, motero nafenso pa pepala tidalira mpatuliro, kapena mau monga "okhawo amene".

Kucokera pa zonsezi tipereka malangizo atatu. Coyamba, ophunzira aphunzitsidwe kufunsa pa nthambi iliyonse kuti ifotokoza ciani, ndi kuchula mitu yonse yotheka asanasankhe; kuona maso a nkhono n'kudekha. Caciwiri, kumasulira m'Cinyanja kugwiritsidwe nchito monga muyeso m'kalasi ya Cingerezi: ciganizo cimene cibala "amene" ndi "imene" nthawi imodzi cifunika kulembedwanso. Cacitatu, wolemba aphunzire njira zotsekeratu mpata, monga kubwereza dzina, kutsogoza nthambi, kudula ciganizo pawiri, kapena kundandalika zinthu m'mizere yokhala ndi manambala. Womasulira akakumana ndi nthambi ya mitu iwiri m'cikalata ca lamulo kapena ca pangano, afunse mwini cikalata, kapena aonetse matanthauzo onse awiri.

8.0 Mau Otsiriza

Taona kuti kumveka pawiri kwa nthambi zofotokoza kunakula pamene Cingerezi cinataya magulu a maina, ndi kuti kucokera kwa Lowth mu 1762 mpaka pa cigamulo ca 2021 anthu akhala akufuna colowa m'malo mwa mgwirizanitsi wotayikayo. Kuyandikana, kugawa 'that' ndi 'which', ndi mpatuliro, zonse zathandiza wolemba wosamala, koma palibe cimene camasula wowerenga ku nchito yolingalira nkhani yonse. Mphunzitsi amene apereka malamulowa ngati osalephera akonzekeretsa ophunzira ake kuwerenga tanthauzo limodzi pamene pali awiri. Nchito imene ititsalira ife a zinenero za mu Africa ndi kuyesa, mwa njira ya Cuetos ndi Mitchell, kumene olankhula Cinyanja amapendekera pamene maina onse awiri ali a gulu limodzi, ndi kuona ngati kupendekera kumeneko amakutengera m'Cingerezi cimene amawerenga m'kalasi ndi kumasulira m'khoti.